Sitima Yachedwa m'Phiri la Msatero

"Mwanama, a Maliseni! Mwanama masanasana, pamaso pa anthu onsewa, ndipo manyazi mulibe!"

Anakuwa choncho ndi Nankhoma, mayi wogulitsa nthochi pamsika wa Pirirani. Amene ankalozedwa chala anali a Maliseni, mkulu woimika mbendera pakhomo pa mphanga ya njanji, ndipo bodza lawo linali la mawu awiri okha. Anali atangotsitsa mbendera yobiriwira n'kufuula monga mwa masiku onse kuti, "Yadutsa bwino!" Pamene ankatero n'kuti fumbi likutuluka m'mphangamo tolotolo, mileme ikuuluka balalabalala ngati yapenga, pansi pakunjenjemerabe ndi chiphokoso chimene chinali chitangomveka m'kati mwa phiri.

"Mayi, ine ndanena zimene ndimanena tsiku lililonse," anatero a Maliseni, maso ali kumbali.

"Yadutsa chiyani? Denga lagwa! Bambo a Tereza ali momwemo ndi njinga yawo!"

"Sangakhalemo, mayi. Ino ndi teni koloko."

Yankho limeneli ndi lanzeru ndithu, kungoti limafuna munthu wodziwa Ufumu wa Zilibwino. M'dziko limeneli muli mwambo umodzi woposa malamulo onse: chimene Mfumu yatsegula ndi sizasi yake sichitsekedwa. Sizasiyo ndi yagolide, ili ndi nduna yakeyake yoisunga ndiponso galimoto yake. Mfumu ikangodula riboni, basi, chinthucho n'chotsegula mpaka kalekale. Chipatala cha Pirirani n'chotsegula, ngakhale kuti m'chipinda cha mankhwala mumaikira nkhuku za mlonda. Mlatho wa pamtsinje wa Bwerera unakokoloka zaka zisanu zapitazo, koma nawonso ndi wotsegula, ndipo amene wamira powoloka amati anasiya mlatho dala n'kusankha kusambira.

Mphanga ya njanji inatsegulidwa ndi Mfumu Sindilakwa Wachitatu adakali mnyamata. Inaboola phiri la Msatero kuchokera ku Pirirani n'kukatulukira ku Kuseri, kwa alimi a nthochi ndi mbatata. Sitima inayendamo zaka zisanu ndi chimodzi. Kenako tsiku lina inapita kokakonzedwa, ndipo patha zaka makumi awiri ikukonzedwabe. Njanji nazo zinayamba kuyenda pazokha. Zina zinasanduka makasu, zina ngolo, koma zowongoka bwino kwambiri mukazipeza pamageti a nyumba za nduna, zitapakidwa utoto wakuda. M'mphangamo munatsala mdima, ndere, ndowe za mileme zofika m'akakolo, ndi madzi odontha chilimwe ndi dzinja. Mikachere ya pamwamba pa phiri inatsitsa mizu yake pakati pa njerwa za denga n'kumazikankha imodziimodzi, mosafulumira, ngati nkhalamba yochotsa mano ake yokha. Aliyense ankaona. Koma kukonza denga kukanafuna kuti mphanga itsekedwe kaye, ndipo kutseka n'kunyoza sizasi.

Anthu a ku Kuseri ankadutsa momwemo popita kumsika, poti kuzungulira phiri ndi ulendo wa maola anayi pamene m'mphanga ndi mphindi makumi awiri. Lamulo linali limodzi: ikamakwana teni koloko m'mawa, a Maliseni amaimba belu, aliyense atuluke, aime pambali, amuna agwire zipewa kuti zingauluke ndi mphepo ya sitima. A Maliseni amaimika mbendera yobiriwira, amadikira pang'ono, amafuula mawu awo awiri aja, amaimba foni kumpanda kwa Mfumu, ndipo masana wailesi imauza dziko lonse kuti sitima ya Mfumu yadutsa bwino m'phiri la Msatero.

Lachiwiri limenelo Lufeyo, mwamuna wa Nankhoma, anali atamanga mikoko isanu ya nthochi panjinga. Atatsala pang'ono kutuluka m'mphanga, tayala lakumbuyo linaphwa. Anauza mkazi wake kuti atsogole ndi dengu, iye apope kaye. Nankhoma anangotuluka, belu n'kulira, phiri n'kukhala pansi.

M'mbali mwa khoma la mphangayo munali paipi yakale yachitsulo yotulutsira madzi. Nankhoma anagwada m'matope, anaika pakamwa papaipiyo.

"Bambo a Tere! Bambo a Tereee!"

Kenako kunamveka kutsokomola kwa kutali.

"Amayi a Tere, musakuwe, ndikumva. Nthochi zaphwanyika zonse."

"Zisiyeni nthochi! Inuyo muli bwanji?"

"Ndili moyo. Kutsogolo miyala, kumbuyo miyala. Koma mwendo wamanzerewu waupsinja mwala, sukundiyankha."

Ola lisanathe, amuna apamsika anali atasonkhana ndi makasu, mapiki ndi mafosholo. Asanagwetse khasu ngakhale limodzi, panafika Sajeni Bwanali ndi asilikali asanu ndi mmodzi a zibonga, n'kundanda pakhomo pa mphanga.

"Palibe kukumba panjanji popanda chilolezo cha kumpanda," anatero Sajeni.

"Njanji yake iti, bwana?" anafunsa munthu wina kumbuyo. "Kapena mukunena ili pageti pa a Nduna ija?"

Sajeni anachita ngati sanamve. Nankhoma anapukuta matope m'mawondo, anamanga chitenje mwamphamvu, anakwera lole ya makala yopita ku likulu.

Kumpanda kwa Mfumu munthu sangoyamba n'kudandaula. Wodandaula ayenera kugwada ndi kuthokoza Mfumu pa zinthu zitatu kaye, kuti dandaulo lisaoneke ngati kusayamika. Nankhoma anagwada pakapeti wofewa kuposa mphasa iliyonse imene anagonapo, nati:

"Ndikuthokoza Mwinidziko chifukwa cha mpweya umene tikupumawu, ngakhale kuti amuna anga wayamba kuwachepera. Ndikuthokoza chifukwa cha miyala ya dziko lino, kuti ndi yolimba. Ndikuthokozanso chifukwa cha paipi."

Nduna zonse zinawomba m'manja. Mfumu Sindilakwa, imene inali kusenda nachesi, inagwedeza mutu mokhutira. Kenako Nankhoma anafotokoza zonse, ndipo anapempha chinthu chimodzi chokha: awalole anthu akumbe.

Woyamba kuimirira anali Nduna ya Mapiri. "Mwinidziko, mayiyu akuti phiri lagwa. Mapiri a Zilibwino sagwa. Langosintha kakhalidwe, monga munthu amachitira akakhalitsa pampando."

Nduna yosunga Sizasi inakumbatira kabokosi kake pachifuwa. "Kukumba ndiye kuti kutseka. Ine mawu amenewo asandidutse m'khutu."

Pamenepo anadzuka a Tidzaona, Nduna ya Njanji. Mkuluyu chiyambire ntchito anali asanaonepo sitima ya dziko lake, koma anali atayendera maiko asanu ndi awiri kukaphunzira momwe sitima zimayendera, ndipo ulendo uliwonse ankabwerako atanenepa. Anakonza tayi, anayang'ana Nankhoma mwachifundo.

"Mayi, amuna anu analowa m'mphanga nthawi yanji?"

"Teni isanakwane, bwana."

"Ndipo itakwana teni anali momwemo?"

"Ali momwemo mpaka pano, n'chifukwa chake ndabwera."

"Mwamva, Mwinidziko? Teni koloko m'mphanga simukhala woyenda pansi, lamulo limaletsa. Mumakhala sitima yokha. Tsono munthu akapezekamo nthawi imeneyo, pali zinthu ziwiri: kapena sitima yamugunda, kapena wakwera. Kodi sitima ya Mfumu inagundapo munthu?"

"Chikhalire!" zinayankha nduna zonse pamodzi.

"Pazaka makumi awiri ngakhale mbuzi. Ndiye kuti bamboyu wakwera. Mayi, amuna anu ali m'sitima. Sitimayo yangochedwa pang'ono."

Mfumu inasiya nachesi, nkhope ili mwee.

"Ndiye kuti tili ndi wokwera? Weniweni, wa dzina?"

"Dzina lake Lufeyo, Mwinidziko."

"Lufeyo! Nthawi zonse mumangondiuza kuti sitima yadzadza, koma dzina la munthu simunanditchulirepo. Tikiti ali nayo?"

Nduna zinayang'anana.

"Mpatseni yaulere," inatero Mfumu. "Ya kalasi yoyamba. Asadzanene kuti Mfumu yake ndi youmira."

"Mwinidziko," anatero Nankhoma, "mwendo wawo uli pansi pa mwala."

"Ulendo wa pasitima umatopetsa miyendo, mayi," anayankha a Tidzaona. "Ine ndikudziwa, ndakwera zambiri."

Asilikali awiri anamudzutsa mwaulemu, m'khwapa uku ndi uku, n'kumuperekeza mpaka kunja kwa geti.

Pamene ankafika ku Pirirani madzulo, chilengezo chinali chitamutsogolera. Galimoto ya chimkuzamawu inali itaima pakati pa msika, pafupi ndi okazinga tchipisi.

"Tamverani, tamverani! Sitima ya Mfumu yachedwa pang'ono m'phiri la Msatero pa zifukwa zabwino. Okwera onse akupemphedwa kudekha ndi kukhala m'mipando yawo. Pakuti sitima ikhoza kunyamuka nthawi ina iliyonse, aliyense wopezeka akukumba panjanji adzamangidwa, pofuna kuteteza moyo wake. Zonse zili bwino!"

Msika unayankha monga umayankhira nthawi zonse. Wogulitsa kaunjika anafunsa ngati sitimayo ingamutengereko mabelo ake pobwerera. Wometa anati iye waimva kale ikulira, kungoti kulira kwake kukufanana ndi kwa munthu. Mayi Esinati, ogulitsa mandasi moyandikana ndi benchi la Nankhoma, anamugwira mnzawoyo paphewa.

"Asisi, ndiye mumabisa? Zaka zonsezi timati munakwatiwa ndi wanjinga, osadziwa kuti ndi bwana wa kalasi yoyamba."

Nankhoma anaseka pang'ono, kuseka kuja kunathera m'misozi. Mayi Esinati anasiya nthabwala, anaphimba beseni la mandasi, anatenga chigubu cha thobwa ndi kapaipi kapulasitiki kothirira kudimba, n'kunyamuka naye ulendo wa kumphanga.

Anapeza Sajeni Bwanali atagwada, akukankhira tikiti m'paipi ndi bango lalitali, poti lamulo la Mfumu liyenera kufika kwa mwini wake.

"Kapepalaka n'kachiyani?" anafunsa Lufeyo m'katimo.

"Ndi tikiti yanu, bambo a Tere," anayankha Nankhoma. "Ati muli m'sitima. Kalasi yoyamba."



"Oo. Mukawathokoze. Koma muwauze kuti zenera silikutseguka."

Asilikali awiri anatembenukira kuphiri kuti Sajeni asaone kuti akuseka. Amayi aja analowetsa kapaipi kawo m'paipi yachitsulo, n'kumathira thobwa pang'onopang'ono. Lina linkafika, lambiri linkatayikira m'njira. Lufeyo anati shuga wachepa, ndipo aliyense anasangalala kumva kuti adakali ndi mphamvu zodandaula.

Lachitatu Nankhoma anapitanso ku likulu. Sanamulowetse. Mlonda wa pageti anamuuza kuti nkhani yake inatha dzulo, ndipo tsopano nduna zili kalikiliki kusankha komiti yokalandira sitima ikadzafika. Panali mkangano waukulu wa amene adzaime kumanja kwa Mfumu pachithunzi. Tsiku lomwelo teni koloko a Maliseni anaimba belu, anaimika mbendera yobiriwira, koma pofika pa mawu awo aja anangoyasama. Kumpanda anali atawatumizira mawu atsopano, ndipo anawanena chapansipansi: "Ikubwera bwino."

"Imvekere, madala!" anakuwa wokazinga tchipisi. "Okwera sanamve!"

Lachinayi nthabwala za Lufeyo zinatha. Mawu ake ankatuluka m'paipi ngati a munthu wolankhula ali m'tulo.

"Amayi a Tere, mwendo uja wasiya kupweteka."

"Ndiye bwino, bambo a Tere."

Mayi Esinati, amene anasamalirapo odwala ambiri pamoyo wawo, anapukusa mutu. Ananunkhiza kamphepo kotuluka m'paipi, n'kuyang'ana kumbali.

"Nthochi za kumunsi kwa dimba zija," anapitiriza Lufeyo, "musamalole mlamu wanu azidula zisanakhwime. Ndipo Tereza asasiye sukulu."

"Mukundiuziranji zimenezo? Mudzanena nokha mukatuluka!"

Nankhoma anadzuka, analanda khasu kwa mnyamata wina wamakala n'kuthamangira pakhomo pa mphanga. Asilikali anamugwira. Anamenya mmodzi ndi mpini paphewa, analuma wina padzanja, mpaka anamukhazika pansi atatu. Sajeni Bwanali anaima patsogolo pake akutuluka thukuta. Sanali munthu woipa mtima kwenikweni. Anali munthu wa ana asanu ndi awiri ndi yunifolomu imodzi. Anawerama ngati akumanga chingwe cha nsapato, nalankhula motsitsa.

"Mayi, ine sindimvera inu, sindimvera chifundo changa. Ndimamvera mbendera. Ikakhala yobiriwira, sitima ikuyenda, palibe wolowa. Ikakwera yofiira, sitima yaima. Mphanga siinatsekedwe, sitima yangoima. Ndipo sitima ikaima, buku lathu limati anthu akhoza kulowa kukachotsa chimene chaiimitsa. Ine sindinakuuzeni kanthu."

Anadzuka n'kukalipira asilikali ake kuti aime mowongoka.

A Maliseni ankakhala m'kanyumba ka njanji ka zipinda ziwiri, kumbuyo kwa siteshoni imene denga lake linasanduka khola la nkhunda la munthu wina. Amayi awiri aja anawapeza atakhala pakhonde, akusita mbendera yobiriwira ndi simbi ya makala.

"Yofiira?" Anatsala pang'ono kugwetsa simbi. "Mayi, mukudziwa chimene mukupempha? Amene analipo ine ndisanabwere anaimikapo yofiira kamodzi kokha, sitima ikadalipo, chifukwa ng'ombe inagona panjanji. Anati wachititsa manyazi Mfumu pamaso pa alendo. Anamuchotsa m'nyumba muno tsiku lomwelo, mvula ikugwa. Ine ndatsala ndi chaka chimodzi kuti ndipume. Kwathu kulibe ngakhale chisakasa. Ndikapita kuti ndi akazi anga?"

"Nanga ine ndikapita kuti ndi maliro?"

"Ine za denga lija ndinanena. Chaka ndi chaka ndakhala ndikuwauza pafoni kuti njerwa zikugwa. Amandiyankha kuti ndizizitola ndizisunga, n'za boma. Onani, ndinamangira bafa."

"Sitinabwere kudzaona bafa lanu," anatero Mayi Esinati. "Mbendera yofiira ili kuti?"

A Maliseni analowa m'nyumba, anatuluka ndi kamtengo kokhala ndi tiulusi tiwiri kunsonga. "Chiswe," anatero, ndipo nkhope yawo inaoneka ngati yapepukidwa. "Mwaona nokha. Ngakhale ndikanafuna."

Mayi Esinati anavula duku lawo pamutu. Linali lofiira psuu, la mpingo. Analimangirira pakamtengo kaja mfundo ziwiri zolimba n'kuwabwezera.

"Buku lanulo limati yofiira, kapena limati yochokera kumpanda?"

A Maliseni anayang'ana dukulo ngati njoka. Nankhoma sanawatukwanenso. Anangowagwira dzanja monga mwana agwirira bambo ake.

"Sindikukakamizani, bambo. Tiyeni mukangowapatsa moni. Zaka zonsezi akhala akukusiyirani phava la nthochi pakhonde pano. Mukangowapatsa moni basi."

Anapita. A Maliseni anagwada movutikira, mawondo akulira, n'kuika khutu papaipi.

"A Lufeyo? Ndine Maliseni."

"Aa, madala." Mawu aja ankabwera limodzilimodzi. "Mwaswera bwanji?"

"Ndaswera. Kaya inu?"

"Pang'ono. Madala, pepani. Ndakuipitsirani ntchito. Belu lanu ndinalimva, kungoti njinga inalemera. Asakudzudzuleni chifukwa cha ine."

A Maliseni anakhala chigwadire nthawi yaitali, khutu lili papaipi, ngakhale kuti m'katimo munali mutasiya kumveka mawu. Atadzuka sanayang'ane munthu. Anapita kwawo ndi kamtengo kaja m'khwapa.

Lachisanu m'mawa msika wonse unali pakhomo pa mphanga. Anthu a ku Kuseri anali atazungulira phiri ndi mapiki awo. Palibe amene anaitana mnzake, koma aliyense anabwera ndi chokumbira, atachibisa kumbuyo ngati mwana wobisa chimanga chowotcha. A Maliseni anatulukira atavala jekete la ntchito, mabatani onse otseka, mbendera ziwiri m'manja. Teni itakwana anaimba belu. Amuna anagwira zipewa mwa chizolowezi. Mkuluyo anayang'ana yobiriwira, anayang'ana kanyumba kake, n'kukweza duku la Mayi Esinati m'mwamba.

"Ima!" anakuwa.

Anthu anati athamange, koma Sajeni anatambasula manja.

"Dikirani! Sitima siima ngati njinga. Ipatseni mpata imange mabuleki."

Khamu lonse linaima duu, likudikira kuti sitima ithe kuima. Wometa uja anayamba kulira ngati mabuleki, "tsiiiii," ndipo ena anamuthandiza, mpaka phokoso linadzaza chigwa chonse n'kuzilala pang'onopang'ono. Sajeni anatchera khutu ngati katswiri.

"Yaima," anatero. Anavula malaya a yunifolomu, anawapinda bwinobwino, anawaika pamwala, n'kulanda piki kwa munthu amene anali naye pafupi.

Anakumba tsiku lonse. Amuna ankaswa, amayi ankatuta miyala m'madengu ndi m'mabeseni, mzere wautali kuchokera mumdima mpaka panja. Njerwa za denga zinali zofumbutuka moti zina zinkaphwanyika m'manja ngati chigumu. Mizu ya kachere yonenepa ngati ntchafu ya munthu inali lendelende paliponse, ndipo kawiri konse denga linakhuthulanso dothi, anthu n'kuthawa, n'kubwereranso. Akalipentala a pamsika anagwetsa mabenchi awo omwe n'kuchirikiza nawo denga. Dzuwa litapendeka, fosholo ina inagunda chitsulo. Linali gudumu la njinga.

Anamupeza atatsamira khoma, ndevu zili mbuu ndi fumbi, makoko a nthochi ali mbwee pambali pake, tikiti ya kalasi yoyamba ili m'thumba la malaya. Amuna asanu ndi atatu anatukula mwala uja ndi mitengo. Amene anaona mwendowo sanafune kuuonanso kachiwiri.

"Mwafika?" anatero Lufeyo ataona nyali. "Ndimati mwina ndapitirira siteshoni."

Sanamutengere kuchipatala cha Pirirani, poti nkhuku sizidziwa kumanga bala. Anamunyamula pachitseko mpaka kumsewu, n'kumukweza lole yopita kuchipatala cha mishoni kutsidya kwa chigwa. Dokotala wa kumeneko, mayi wamfupi wosakonda mawu ambiri, anaona mwendowo, anafunsa kuti munthuyu wakhala chonchi masiku angati. Atamuuza, anavula magalasi.

"Mukanabwera naye Lachiwiri, kapena Lachitatu, bwenzi tikukamba za pulasitala. Pano tikukamba za moyo."

Anaudula pamwamba pa bondo.

Kumpanda nkhani inafika m'magawo awiri, ndipo nduna zinaikonza bwino lomwe. Gawo loyamba linali la a Maliseni, amene anaimitsa sitima ya Mfumu ndi nsalu yosavomerezeka. Loweruka m'mawa katundu wawo anali panja: mphasa, mapoto, simbi ija. Njerwa za bafa anaziwerenga kuti n'zakuba. Anthu a ku Kuseri anabwera ndi ngolo, ananyamula nkhalamba ziwirizo ndi katundu wawo, ulendo wa maola anayi kuzungulira phiri. Gawo lachiwiri linali losangalatsa. Wailesi inalengeza maola onse kuti sitima ya Mfumu yafika bwino, ndipo wokwera wake watsika ali wokondwa, atalandiridwa ndi khamu la anthu amene anabwera ndi makasu posonyeza kukonda ulimi.

Lolemba a Tidzaona anafika kuchipatala cha mishoni ndi galimoto zisanu, wojambula zithunzi, ndi mendulo ya Wokwera Wopirira, yoti akamuveke Lufeyo m'dzina la Mfumu. Analowa m'chipinda cha odwala atatseka mphuno ndi kampango konunkhira. Lufeyo anali gone, bulangete mpaka pachifuwa. Nankhoma anali pambali pake akumumwetsa phala, Mayi Esinati ali kumiyendo kwa bedi.

"Nayu ngwazi yathu!" anatero a Nduna. "Ulendo unali bwanji, bambo? Mayi, tasunthirani uko pang'ono, mukutchinga kuwala. Bambo, mwetulirani."

Nankhoma anaika bakuli pansi. Anadzuka, anapita kuchitseko, anachitseka n'kuchitsamira. Mayi Esinati anakokera benchi n'kukhala pomwepo. Odwala a m'mabedi ena anayamba kudzuka mmodzimmodzi.

"Bwana Nduna, munanena pamaso pa Mfumu kuti amuna anga anali m'sitima yanu. Si choncho?"

"Ndi choncho, mayi, ndipo dziko lonse likunyadira."

"Ine sindikutsutsa. Ndine mayi wa nthochi, za sitima sindizidziwa. Tikiti yake nayi, ya kalasi yoyamba." Anaiponya pabedi. "Esinati, tawaonetsani."

Mayi Esinati anakoka bulangete lonse. Wojambula anatsitsa kamera. A Tidzaona anayang'ana kudenga, anayang'ana kuzenera, anayang'ana mendulo ili m'manja mwawo.

"Musayang'ane kumwamba, kuno denga ndi lolimba. Yang'anani apa. Munthuyu amadyetsa ana anayi ndi njinga. Anakwera sitima yanu Lachiwiri ali ndi miyendo iwiri, msika wonse ndi mboni. Watsika Lachisanu ndi umodzi."

"Mayi, nkhani imeneyi tidzaiona ku komiti..."

"Komiti yake ndi ino, yakhala kale. Chitseko ichi sichinatsegulidwe ndi sizasi, ndachitseka ine, ndipo simutuluka. Sitima ndi yanu, njanji ndi yanu, amene munaletsa makasu masiku atatu ndinu. Wojambula, jambula pakamwa pawo, dziko lione akamayankha. Mwendo wa amuna anga unatsikira siteshoni iti? Ndikufunsa inu, a Tidzaona. Yankhani!"